Dzimbiri lobwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso

Dzimbiri lobwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ndi kudyeka kwa zitsulo, konkire ndi zipangizo zina kumene kumayambitsidwa kapena kufulumizitsidwa ndi zamoyo zing'onozing'ono monga mabakiteriya, nkhungu ndi ndere. Akatswiri amalitchula mwachidule kuti MIC. Limapezeka kwambiri m'mapaipi a madzi, m'mijigo, m'matanki a mafuta, m'ngalande za zonyansa, m'sitima zapamadzi ndi m'makina a m'mafakitale okonza zakudya. Limasiyana ndi dzimbiri wamba chifukwa silidya chitsulo chonse mofanana. M'malo mwake limakumba timaenje takuya pamalo ochepa, moti paipi yooneka yabwinobwino kunja ikhoza kubooka pasanathe zaka zochepa, nthawi zina miyezi yokha.

Tizilomboti timafuna zinthu zitatu kuti tikhazikike: madzi, chakudya ndi malo abata oti timamatirepo. Chifukwa cha ichi, njira zodalirika zopewera vutoli zimagona pa kusankha zipangizo zoyenera, kusalola madzi kuima ndi kuchotsa matope asanaunjikane. Mankhwala ophera tizilombo amathandiza, koma amabwera pambuyo pa zimenezi. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri mijigo, mipope ya kumidzi, malo osungira mafuta a galimoto ndi malo okonzera khofi monga a ku Misuku m'boma la Chitipa.

Mmene dzimbiri wamba limayambira

Chitsulo chimachokera ku miyala ya m'nthaka imene imasungunulidwa m'ng'anjo kuti okosijeni achokemo. Chikakumana ndi madzi ndi mpweya, chimayamba kubwerera pang'onopang'ono ku chikhalidwe chake chakale, ndipo zofiirira zimene zimatsalazo ndizo dzimbiri. Zimene zimachitika pamenepa zimafanana ndi zimene zimachitika m'batire. Pamalo ena chitsulo chimasungunukira m'madzi n'kusiya tinthu tamagetsi totchedwa maelekitironi. Timeneti timayenda m'chitsulo momwemo mpaka pamalo ena pamene okosijeni amatilandira. Malo otaya maelekitironi ndi amene amadyeka, pamene malo olandirirapo amakhala osakhudzidwa.

M'madzi abwino ndi odikha, chitsulo wamba chimatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita pa chaka. Paipi yokhala ndi khoma lochindikala mamilimita 3 ikhoza motero kukhala zaka zambiri. Koma pamene tizilombo takhazikika, kaenje kamodzi kamatha kuzama milimita imodzi kapena kuposerapo pa chaka. Bungwe la akatswiri a za dzimbiri la NACE International linawerengera mu 2016 kuti dzimbiri la mitundu yonse limawonongetsa dziko lapansi ndalama zokwana madola 2.5 thiriliyoni a ku America pa chaka. Akatswiri ambiri amaganiza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chiwonongekochi limakhudzana ndi tizilombo.

Mmene tizilombo timalowererapo

Mabakiteriya ongoyandama m'madzi sawononga kwenikweni. Vuto limayamba akamatirira pakhoma la paipi kapena la thanki n'kutulutsa zinthu zonanda zimene amadzikuta nazo. Kanembanemba koterera kameneka, kamene asayansi amakatcha biofilm, n'kofanana ndi zoyanga zimene zimachita m'mano osatsuka kapena kuterera kwa m'kati mwa mtsuko umene wakhalitsa ndi madzi. M'kati mwake mumakhala mitundu yambiri ya tizilombo yodalirana: zimene wina wataya, wina amadya.

Kanembanemba kameneka kamawononga m'njira zinayi. Choyamba, tizilombo ta pamwamba timatha okosijeni yense, moti pansi pake pamakhala popanda mpweya pamene chitsulo cha m'mbali chili pampweya. Kusiyanaku kumapanga kabatire kakang'ono, ndipo malo ophimbikawo ndi amene amadyeka. Chachiwiri, tizilombo tina timatulutsa asidi amene amasungunula chitsulo kapena simenti. Chachitatu, tina timatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wotchedwa hydrogen sulphide, umene umagwirizana ndi chitsulo n'kupanga zakuda bii zimene zimafulumizitsa kudyekako. Chachinayi, pali mabakiteriya amene amatenga maelekitironi kuchokera m'chitsulo mwachindunji, ngati gwero la mphamvu zawo.

Kanembanembako kamatetezanso tizilombo ku mankhwala. Mlingo wa klorini umene umapha mabakiteriya oyandama m'madzi nthawi zambiri sufika kwa amene abisala pansi pa zonandazo.

Magulu a tizilombo todziwika

Gulu lotchuka kwambiri ndi la mabakiteriya amene amapuma pogwiritsa ntchito mchere wa sulfure m'malo mwa okosijeni, monga a mtundu wa Desulfovibrio. Amakhala m'dothi la m'dambo, m'matope a pansi pa thanki ndi pansi pa zotupa za dzimbiri. Chizindikiro chawo ndi matope akuda ndi fungo la dzira lovunda.

Gulu lachiwiri ndi la mabakiteriya a chitsulo, monga Gallionella ndi Leptothrix. Amenewa amapeza mphamvu posandutsa chitsulo chosungunuka m'madzi kukhala dzimbiri lofiirira. Ndiwo amachititsa phala lofiira, loterera, limene limatseka mapaipi ndi masefa a m'zitsime. Amamanganso timabuluma ta dzimbiri m'kati mwa paipi, ndipo pansi pa timabulumato m'pamene gulu loyamba lija limapeza pobisala.

Gulu lachitatu ndi la mabakiteriya amene amasandutsa mpweya wonunkha uja kukhala asidi wamphamvu wofanana ndi wa m'batire ya galimoto. Wodziwika kwambiri ndi Acidithiobacillus thiooxidans, amene amadya denga la mapaipi a konkire onyamula zonyansa.

Gulu lachinayi ndi la tizilombo towiritsa ndi tosasitsa zinthu, monga Lactobacillus ndi Acetobacter. Timeneti ndi timene timasasitsa chambiko, thobwa ndi vinyo wosasa. Asidi wake ndi wofooka, koma akakhalitsa pachitsulo kapena pa simenti amadya ndithu.

Pomaliza pali nkhungu monga Hormoconis resinae, imene imamera pamalire a madzi ndi mafuta m'matanki a dizilo ndi a mafuta a ndege. Imatseka masefa a injini ndi kukumba aluminiyamu.

Mbiri ya kafukufuku

Mu 1895 wasayansi wa ku Netherlands, Martinus Beijerinck, anafotokoza za mabakiteriya otulutsa mpweya wonunkha amene anawapeza m'matope a m'ngalande za ku Delft. Mu 1910 R. H. Gaines wa ku America analemba kuti mabakiteriya a m'nthaka akhoza kukhala ndi gawo pa kudyeka kwa zitsulo zokwiriridwa. Umboni wamphamvu unabwera mu 1934, pamene von Wolzogen Kühr ndi van der Vlugt anafufuza chifukwa chimene mapaipi achitsulo ankawolera m'dothi lonyowa la ku Netherlands. Zinali zodabwitsa chifukwa m'dothimo munalibe okosijeni, chikhalirecho anthu ankakhulupirira kuti popanda okosijeni chitsulo sichingachite dzimbiri. Iwo anasonyeza kuti oyambitsa anali mabakiteriya a sulfure.

Mu 1945 C. D. Parker wa ku Melbourne, m'dziko la Australia, anapeza mabakiteriya opanga asidi pa konkire yonyenyeka ya m'ngalande za zonyansa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'zaka za m'ma 1960, makampani a ndege anayamba kupeza nkhungu m'matanki a mafuta a m'mapiko, makamaka m'ndege zouluka m'mayiko otentha. Mu 2004 asayansi a ku Bremen, m'dziko la Germany, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mabakiteriya ena amatenga maelekitironi m'chitsulo mwachindunji, zimene zinasintha kamvedwe ka nkhani yonseyi.

Ngozi zodziwika

Pa 19 August 2000 paipi yaikulu ya gasi inaphulika pafupi ndi Carlsbad, m'chigawo cha New Mexico ku America, ndipo anthu 12 amene ankagona m'misasa m'mbali mwa mtsinje wa Pecos anafa. Ofufuza anapeza kuti madzi ndi zinyalala zinkadikha pamalo otsika a paipiyo, ndipo tizilombo tinali m'gulu la zinthu zimene zinadya khoma lake kuchokera m'kati.

Mu March 2006 mafuta osayenga okwana pafupifupi malita 800,000 anatayika ku Prudhoe Bay, m'chigawo cha Alaska, kudzera pa kabowo kakang'ono kosakwana sentimita imodzi. Paipiyo inali itakhala zaka zingapo osatsukidwa m'kati, ndipo mabakiteriya anakhazikika pansi pa matope amene anaunjikana.

Kuyambira mu October 2015 mpaka mu February 2016, chitsime chosungira gasi ku Aliso Canyon, pafupi ndi Los Angeles, chinatulutsa matani pafupifupi 100,000 a mpweya wa methane, ndipo mabanja masauzande anasamutsidwa. Lipoti la mu 2019 linanena kuti paipi ya chitsimecho inadyeka kuchokera kunja ndi tizilombo ta m'madzi a pansi pa nthaka.

Ngozi zitatuzi zikufanana pa chinthu chimodzi: chiwonongeko chinachitikira pamalo obisika, pamene madzi anakhala nthawi yaitali popanda woyendera.

Vutoli ku Malawi

Ku Malawi kulibe mapaipi aakulu a gasi, koma kuli mijigo masauzande ambiri. Mjigo uli ndi zonse zimene tizilomboti timafuna: madzi okhalitsa, mdima, chitsulo ndi malire pamene madzi amakumana ndi mpweya. Vuto la mijigo yochita dzimbiri linadziwika mu Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Katswiri wina, Otto Langenegger, atafufuza m'mayiko a kumadzulo kwa Africa, anasonyeza kuti mapaipi achitsulo okutidwa ndi zinki sakhalitsa m'madzi amene muyeso wake wa asidi, wotchedwa pH, uli pansi pa 6.5. Anasonyezanso kuti chitsulo chambiri chopezeka m'madzi a m'mijigo yotere chimachokera ku mapaipi a mjigo womwewo, osati m'nthaka. Chitsulo chosungunukachi chimakhala chakudya cha mabakiteriya a chitsulo, amene amawonjezera vutolo. Madzi akakhala ndi chitsulo choposa mamiligiramu 0.3 pa lita amayamba kudetsa zovala ndi ziwiya, ndipo chikachuluka amamveka chitsulo m'kamwa. Anthu amawasiya n'kubwerera kumtsinje kapena kuzitsime zosatetezedwa, kumene kuli chiopsezo cha kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba.

Mjigo wa India Mark II, umene ndi wofala ku Zambia ndi ku Uganda, unkabwera ndi mapaipi okutidwa ndi zinki, ndipo wavutika kwambiri ndi dzimbiri m'madera a madzi a asidi. Malawi inatenga njira ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'dziko muno munapangidwa mjigo wotchedwa Maldev, umene pambuyo pake unakonzedwanso n'kukhala Afridev. Mjigo wa Afridev uli ndi mapaipi apulasitiki a PVC amene sachita dzimbiri, ndipo unapangidwa moti anthu a m'mudzi akhoza kuukonza okha. Komabe ndodo zake zopopera ndi zachitsulo. Zikakhala za chitsulo chosachita dzimbiri chenicheni zimakhalitsa, koma zikakhala zongokutidwa ndi zinki, kapena za chitsulo chotsika chongonyezimira, zimadyeka n'kuduka.

Malo ena ndi matanki a mafuta. Madzi pang'ono amalowa m'thanki iliyonse kudzera m'chinyezi cha mumpweya, ndipo popeza ndi olemera kuposa mafuta amakadikha pansi, pamene nkhungu ndi mabakiteriya amamera. Malawi yakhala ikusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo mabakiteriya a Acetobacter amatha kumusandutsa asidi wa vinyo wosasa amene amadya zitsulo za pakamwa pa thanki ndi za m'mapampu.

Ku Misuku

Misuku ndi dera lamapiri kumpoto chakum'mawa kwa boma la Chitipa, pafupi ndi mtsinje wa Songwe umene ndi malire a Malawi ndi Tanzania. Lili m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenemisuku, ndipo anthu ake ambiri amalankhula Chisukwa ndi Chindali. Mapiri ake amafika pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo pamwamba pake pali nkhalango zosagwetsa masamba za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Kumagwa mvula yambiri, ndipo chifunga chimakuta mapiriwo kawirikawiri, moti zitsulo zimachedwa kuuma. Miyala ya kumeneko ndi yakale kwambiri ndi yolimba, ndipo madzi ochokera m'miyala yotere m'madera amvula yambiri kawirikawiri amakhala opanda laimu wokwanira woti n'kupanga kansalu koteteza m'kati mwa paipi. Msewu wopita ku Misuku umapatuka pa Kapoka, pa msewu wa Karonga ndi Chitipa, n'kukwera zitunda. Kutalikira kwa derali kumachititsa kuti chitsulo chilichonse chikawonongeka, kupeza china kudye nthawi ndi ndalama.

Malo oyamba okhudzidwa ndi mipope. Ndondomeko ya boma yobweretsa madzi kumidzi kuchokera m'mapiri, popanda injini, inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo inafalikira m'maboma ambiri. Misuku ndi limodzi mwa madera a ku Chitipa amene anapindula nayo. Mapaipi ambiri a m'ndondomekoyi si achitsulo, koma chitsulo chimagwiritsidwa ntchito pamene madzi amalowera, powoloka mitsinje ndi zigwembe, m'mavavu ndi pamipope yotungira. Madzi a mumtsinje wa m'nkhalango amanyamula masamba owola ndi tinthu tina timene ndi chakudya cha mabakiteriya. M'dera lazitunda paipi imatsika ndi kukwera kambirimbiri, ndipo pamalo aliwonse otsika matope amadikha. Nthambi ya paipi imene yatsekedwa, kapena imene madzi amangofikako mwa apo ndi apo, imakhala pachiopsezo chachikulu kuposa imene madzi amayendamo tsiku lililonse.

Malo achiwiri ndi okonzera khofi. Misuku ndi dera lotchuka ndi khofi wa mtundu wa Arabica wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo kopaletivi ya kumeneko ndi imodzi mwa zimene zimapanga mgwirizano wa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofi wakupsa akathyoledwa amapita ku makina osenda makoko. Kenaka njere zake zimaikidwa m'matanki kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti zonanda zimene zazikuta zisase n'kuchoka, asanazitsuke ndi kuziyanika. Ntchito yosasitsayi imagwiridwa ndi tizilombo: yisiti ndi mabakiteriya amadya shuga wa m'zonandazo n'kutulutsa asidi, ndipo pH imatsika kufika pafupifupi 4. Tizilombo tomwe timathandiza mlimi kupeza khofi wabwino ndi timenenso timadya zipangizo zake. Asidiyu amasungunula laimu wa m'simenti, moti pansi pa thanki pamayamba kukhakhala ndi kuonetsa miyala. Ming'alu ikafika pa zitsulo za m'kati mwa konkire, zitsulozo zimachita dzimbiri, zimatupa n'kuswa khomalo. Makoko otsalira m'makona a makina, pansi pa mabawuti ndi m'ngalande amapitiriza kusasa ngakhale ntchito itatha.

Kuwonongekaku kumakhudzanso mtengo wa khofi. Thanki yokhakhala imasunga njere ndi zonanda za dzulo, zimene zimavunda n'kununkhitsa khofi watsopano, ndipo njere zochepa zovunda zimatha kutsitsa giredi ya thumba lonse. Makina odyeka mano amaswa kapena kukanda njere. Popeza khofi amakololedwa miyezi yochepa pa chaka, makina amakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, nyengo ya dzinja ili m'kati, ndipo ngati anasungidwa osatsuka ndi osaumitsa, nthawi imeneyi ndi imene amawonongeka kwambiri.

Kuzindikira vutoli

Si dzimbiri lililonse limene limabwera ndi tizilombo, ndipo kupezeka kwa mabakiteriya m'madzi pakokha si umboni, chifukwa mabakiteriya ali paliponse. Akatswiri amaphatikiza maumboni atatu: maonekedwe a malo odyekawo, zinthu zopezeka m'dzimbirilo ndi tizilombo topezeka pakhoma penipenipo.

Zizindikiro zimene munthu angaone ndi maso ndi monga timaenje tozungulira tokhala m'magulumagulu, timabuluma ta dzimbiri tokhala ndi zakuda m'kati, phala loterera lofiira kapena lakuda, fungo la dzira lovunda ndi kuchepa kwa madzi otuluka. Pa mjigo, chizindikiro chodziwika ndi madzi ofiira m'mawa amene amayera anthu akapopa kwa kanthawi. Zikatero ndiye kuti chitsulocho chikuchokera ku zipangizo za mjigowo zimene zagona m'madzi usiku wonse. Amisiri amathanso kudontheza asidi wosungunula pang'ono pa zakudazo, ndipo fungo la dzira lovunda likatuluka amadziwa kuti pali zotsalira za mabakiteriya a sulfure. M'malabotale amamera tizilomboto m'timabotolo tokhala ndi chakudya chake kapena kuyeza DNA yake, ndipo m'mafakitale amapachika tizidutswa tachitsulo m'paipi n'kumatichotsa nthawi ndi nthawi kuti aone mmene tadyekera. Kuchindikala kwa khoma la paipi kumayezedwa ndi makina otumiza mafunde a mawu, popanda kudula paipiyo.

Njira zopewera

Njira yoyamba ndi kusankha zipangizo mogwirizana ndi madzi ake. Madzi ayenera kuyezedwa chitsime chikangokumbidwa, mjigo usanaikidwe. Ngati pH ili pansi pa 6.5, mapaipi ndi ndodo zokutidwa ndi zinki n'zosayenera, ndipo m'malo mwake pamafunika PVC, pulasitiki ya HDPE kapena chitsulo chosachita dzimbiri cha giredi 304 kapena 316. Kulumikiza zitsulo za mitundu iwiri yosiyana m'madzi kumapanga batire, ndipo chofookacho chimadyeka msanga. Chitsulo chosachita dzimbiri nachonso chili ndi malire: madzi osathira mankhwala akasiyidwa chiimire m'thanki yatsopano, mabakiteriya amatha kuboola m'malo owotcherera m'miyezi yochepa.

Njira yachiwiri ndi kamangidwe kosalola madzi kuima. Thanki imafunika pansi potsetsereka ndi potulutsira madzi pamalo otsikitsitsa. Paipi imafunika mavavu otsukira pamalo otsika ndi otulutsira mpweya pamalo okwera, ndipo nthambi zosagwiritsidwa ntchito ndi bwino kuzidula kusiyana n'kungozitseka kumapeto. Madzi othamanga pafupifupi mita imodzi ndi theka pa sekondi salola matope ndi zonanda kukhazikika mosavuta. Potengera madzi mumtsinje pamafunika sefa ndi thanki yodikhitsira matope, kuti chakudya cha tizilombo chichepe asanalowe m'paipi.

Njira yachitatu ndi kutsuka. M'mapaipi aakulu a mafuta amakankhiramo chipangizo chokhala ndi maburashi chimene chimapala khoma lonse m'kati. M'mipope ya kumidzi ntchito yomweyi imachitika potsegula mavavu otsukira ndi kukolopa matanki, makamaka mvula ikatha. M'matanki a mafuta, madzi a pansi amayenera kuyezedwa ndi kuchotsedwa kawirikawiri. Pokonza khofi, makina, matanki ndi ngalande zimatsukidwa ndi madzi oyera tsiku lililonse ntchito ikatha, ndipo nyengo ikatha makina amamasulidwa, kuumitsidwa, kupakidwa girisi ndi kusungidwa pansi pa denga.

Njira yachinayi ndi kukuta. Penti wa epoxy, phula, matailosi kapena pulasitala wosalala zimalekanitsa chitsulo kapena konkire ndi madzi. Chokutiracho chimagwira bwino pokhapokha pamalopo patayamba papalidwa ndi kuuma, chifukwa penti wopakidwa pamwamba pa dzimbiri amangobisa chinyezi. M'matanki a khofi ndi a madzi akumwa mumafunika zokutira zovomerezeka kukhudzana ndi chakudya. Pa mapaipi a zonyansa, dziko la South Africa lakhala likugwiritsa ntchito konkire yosakaniza ndi miyala ya laimu, imene imafooketsa asidi, ndipo ngalande yoyeserera imene inamangidwa ku Virginia, m'chigawo cha Free State, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inasonyeza kuti simenti yokhala ndi aluminiyamu wambiri imapirira kuposa simenti wamba.

Njira yachisanu ndi kuteteza ndi magetsi. Humphry Davy anasonyeza mu 1824 kuti chidutswa cha zinki kapena chitsulo chikalumikizidwa ku mkuwa wa pansi pa sitima, chidutswacho ndi chimene chimadyeka m'malo mwa mkuwawo. Masiku ano zidutswa za zinki, magnesium kapena aluminiyamu zimamangiriridwa ku sitima, matanki ndi mapaipi okwiriridwa, kapena magetsi ochepa amalowetsedwa m'chitsulocho. Pamene pali mabakiteriya a sulfure pamafunika mphamvu yochulukirapo: muyeso wamba wa mavoti 0.85 umakwezedwa kufika pa 0.95.

Njira yachisanu ndi chimodzi ndi mankhwala. Klorini ndiye wofala pa madzi akumwa. Chitsime chatsopano, kapena chimene changokonzedwa, chimathiridwa klorini wamphamvu, kusiyidwa kwa maola angapo kapena usiku wonse, kenaka kupopedwa mpaka fungo litatha. Zida zokumbira nazonso zimafunika kutsukidwa ndi klorini, chifukwa zimatha kunyamula mabakiteriya a chitsulo kuchoka pa chitsime china kupita pa china. M'mafakitale a mafuta amagwiritsa ntchito mankhwala monga glutaraldehyde, ndipo ena amathira nitrate kuti mabakiteriya osawononga achuluke n'kulanda chakudya cha a sulfure.

Malire a mankhwala ndi udindo wa anthu

Mankhwala okha sathetsa vutoli. Akathiridwa popanda kuyamba kupala zonandazo, amangopha tizilombo ta pamwamba, ndipo totsalato timachulukananso m'masabata ochepa. Klorini wochuluka nayenso amadya zitsulo, kuphatikizapo chosachita dzimbiri, ndipo madzi otsukira akatayidwa mumtsinje amapha nsomba ndi zamoyo zina. M'matanki osasitsira khofi mankhwala ophera tizilombo sangathiridwe pa nthawi ya ntchito, chifukwa tizilomboto n'tofunika ndipo khofi amatenga fungo msanga. Kumeneko chitetezo chimadalira madzi oyera, burashi, makoma osalala ndi kuumitsa. Mpweya wa hydrogen sulphide ndi wakupha ukachuluka, ndipo umafooketsa mphuno moti munthu amasiya kuumva. N'chifukwa chake munthu saloledwa kulowa m'thanki, m'chitsime kapena m'ngalande yotsekeka isanapitidwe mphepo, ndiponso popanda mnzake womudikira kunja.

Kumidzi ya ku Malawi ntchito yosamalira zipangizozi ili m'manja mwa makomiti a mijigo, amakaniko a m'madera, mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi ndi makopaletivi a alimi, mothandizidwa ndi ofesi ya zamadzi ya boma lililonse. Zambiri mwa ntchito zopewera, monga kutsegula vavu yotsukira, kutulutsa ndodo za mjigo kuti ziyenderedwe, kukolopa thanki ndi kulemba tsiku limene madzi anayamba kusintha mtundu, sizifuna zida zodula. Zimene zimafuna ndalama ndi ukatswiri ndi kuyeza madzi ntchito isanayambe ndi kutsimikiza kuti zitsulo zogulidwa ndi za giredi imene yalembedwa pa mgwirizano, chifukwa cholakwika cha pa nthawi yogula chimaonekera patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, kontilakitala atachoka kale.